Tonse Kuno Tinacita Kubwera

Mau amene Abusa analankhula pa cikondwerero ca zaka 50 za mpingo wathu, Kafue Estates

 

Komiti yokonza cikondwerero cino inatipempha kuti tikambe mbiri ya mpingo. Ife amene tinabadwa mpingo uno utayamba kale tinayenera kukafunsa kwa eni ake, makolo athu amene akali ndi moyo. Tikafunsa kuti, "Atate, munayamba liti kupemphera pano?" yankho linali kuyambira pa caka cimene analembedwa nchito. Tikafunsa amai, anali kuyambira pa tsiku limene anatsika sitima kapena basi, mwana ali kumsana, kutsata amuna ao. Motero tinaona kuti mbiri ya mpingo uno siingakambike popanda kukamba za mafakitale, ndi za anthu amene mafakitalewo anawaitana kucokera ku mbali zonse za dziko lino.

Pa Yoswa 4, pamene tawerenga m'mawa uno, Aisrayeli ataoloka Yordano analamulidwa kunyamula miyala 12 kucokera pakati pa mtsinje, ndipo anaiimika ku Giligala. Nchito ya miyalayo inali kuutsa funso m'kamwa mwa ana, kuti makolo apeze poyambira kufotokoza. Koma tikatsegula buku lotsatira, pa Oweruza 2, tipeza kuti mbadwo wa Yoswa utatha panauka mbadwo wina wosadziwa zimene Mulungu anacitira makolo ao. Miyala ija inalipo ndithu ku Giligala, koma panalibenso wofunsa kapena woyankha.

Ifenso tili nayo miyala yathu. Ndi macumuni aatali aja, mashedi aakulu aja, ndi nyumba zofananafanana zimene tikhalamo. Ana athu apita pafupi nazo tsiku ndi tsiku. Ena a iwo amva anzao a ku Lusaka akunena kuti Kafue ndi tauni yakufa, ndipo acita manyazi kuchula kwao. Pakali pano amene angawayankhe akutha mmodzimmodzi. Caka ciliconse tiperekeza kumanda wina amene anaona malo ano akali chire. Ndiye cifukwa cake lero tifuna kuyankha funso lija, ngakhale ana sanafunse.

Kafue asanabwere mafakitale

Tiyambe ndi kupereka ulemu kwa eni nthaka. Dziko lino silinali thengo lopanda anthu. Asoli a kwa Mfumukazi Nkomeshya, Agoba a kwa Chiawa, Atonga a tsidya la mtsinje, ndi Atwa amene anali kukhala m'madambo a Kafue akupha nsomba, onsewa anali kuno kale. Pamene ife timanga nyumba ndi kuika maliro athu, ena analima ndi kudyetsa ng'ombe zao. Tisaiwale kuti iwo anatilandira.

Tauni yeniyeni inayamba ndi njanji. Njanji yocokera ku Livingstone inafika pa mtsinje uno mu 1906, ndipo ulalo wa sitima umene tiuona mpaka lero ndi wa caka comweco. Utali wake uposa mamita 400, ndipo pa masiku amenewo unali ulalo wautali kuposa wina uliwonse pa njanji yonseyo. Lusaka panthawiyo anali kasiteshoni cabe, pakuti anadzakhala likulu la dziko mu 1935. Mu 1918 amishoni a Methodist anatsegula sukulu kufupi ndi tauni ino, imene lero tiidziwa ndi dzina la Kafue Boys. Harry Mwaanga Nkumbula, mmodzi wa atsogoleri amene anamenyera ufulu wa dziko lino, anaphunzira pamenepo. Komabe kufikira pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene tinalandira ufulu, Kafue anali tauni yaing'ono ya anchito a njanji, asodzi, alimi ndi masitolo owerengeka.

Cifukwa cake mafakitale anamangidwa kuno

Ana inu mverani bwino apa, cifukwa mafakitale awa sanagwe kucokera kumwamba. Pamene tinalandira ufulu, pafupifupi ciliconse cimene tinali kugwiritsa nchito cinali kubwera kudzera kumwera. Malasha anali kucokera ku Wankie. Nsalu, feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala ophulitsira miyala m'migodi, zonse zinali kuoloka Zambezi. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatula ku Britain pansi pa ulamuliro wa azungu ocepa. Zambia anakana kugwirizana naye, ndipo njira yathu ya malonda inakhala m'manja mwa mdani. Mu Januwale 1973 Smith anafika potseka malire.

Boma la a Kenneth Kaunda linaona kuti dziko losadzipangira zinthu lili ngati munthu wodya ndi dzanja la mnzake. Ndiye panabwera paipi ya mafuta ya TAZAMA yocokera ku Dar es Salaam mu 1968, mgodi wa malasha wa ku Maamba, njanji ya TAZARA, ndi malo opangira magetsi ku Kafue Gorge. Mu Epulo 1968, ku Mulungushi, boma linalengeza kuti litenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani ambiri, ndipo bungwe la INDECO linapatsidwa nchito yoyang'anira ndi kumanga mafakitale.

Anasankha Kafue pa zifukwa zooneka ndi maso. Fakitale ifuna madzi ambiri, ndipo mtsinje uwu suuma. Ngakhale madzi ambiri amene anthu a ku Lusaka akumwa apopedwa kuno, pa Iolanda. Njanji inalipo, mseu waukulu unalipo, magetsi anali pafupi, ndipo likulu lili pa mtunda wa makilomita osafika 50.

Kampani ya Nitrogen Chemicals of Zambia inakhazikitsidwa mu 1967 ndipo inayamba kupanga mu 1970. Akatswiri a ku Japan ndiwo anamanga gawo loyamba, ndipo a ku Germany anadzakulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Nchito yake inali yodabwitsa. Malasha a ku Maamba anali kubwera pa sitima ndi kusandutsidwa mpweya. Mpweyawo, pophatikizidwa ndi nayitrojeni wotengedwa mu mphepo yomweyi imene tipuma, unali kupanga amoniya, ndipo kucokera ku amoniya kunali kutuluka feteleza wa m'munda ndi mankhwala opangira zophulitsira miyala m'migodi ya mkuwa. Ndiye kuti mlimi wa cimanga ku Mkushi ndi mmwenye-mgodi wa pansi pa nthaka ku Mufulira onse anali kudalira manja a makolo athu.

Pa zaka zomwezo inayamba Kafue Textiles of Zambia. Thonje lolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a ku Mumbwa, a kumwera ndi a kum'mawa linali kulowa mbali imodzi, kupotedwa kukhala ulusi, kuombedwa kukhala nsalu, kunyikidwa mu utoto, kudindidwa maluwa, ndi kutuluka mbali ina lili citenje. Panalinso fakitale yofufuta zikopa ya Bata ndi ya yisiti ya Lee Yeast. Popeza anchito ambiri cotere anafunika pogona, INDECO inamanga Kafue Estates, potsata mapulani a akatswiri a kampani ya Doxiadis ya ku Greece. Malo ano anayamba kujambulidwa pa pepala asanamangidwe. Ndiye cifukwa cake nyumba zathu zifanana, ndipo zigawo zathu zidziwika ndi cilembo ndi nambala, monga C5 kapena C7, m'malo mwa dzina la mfumu kapena la mtengo monga kumudzi.

Anthu amene anabwera

Kale, mnyamata wofuna ndalama za msonkho kapena za cikwati anali kupita kutali: ku Halale, ku Bulawayo, ku Wankie, ku Joni. Ena sanabwerenso, ndipo kumudzi anali kuwacha machona. Mu 1966 boma linaletsa a Wenela kulemba anthu m'dziko lino kupita ku migodi ya ku South Africa. Pamene mbiri inamveka kuti ku Kafue kuli nchito, anthu anabwera kucokera ku Petauke, Katete, Chadiza, Chipata ndi Lundazi. Anabwera kucokera ku Mongu ndi Senanga, ku Monze ndi Choma, ku Kasama ndi Mansa, ku Solwezi ndi Zambezi. Ena anasiya migodi ya ku Copperbelt nabwera ndi luso lao la zitsulo ndi magetsi. Ena anabwerako ku Rhodesia pamodzi ndi ana obadwira komweko, ndipo ena anali a ku Malawi amene anakhala m'dziko lino zaka zambiri.

Nthawi zambiri mwamuna anali kutsogola yekha. Anali kufikira kwa wakwao, kugona pa mphasa m'cipinda cocezera, ndi kulawirira kukaima pa geti la fakitale citupa cili m'manja. Akalembedwa, anali kulemba kalata kumudzi. Kalata imodzi inali kuitana mng'ono wake, mng'onoyo naitana mlamu wake, ndipo m'zaka zowerengeka mudzi wathunthu unali ndi nthambi yake kuno. Amene sanapeze nyumba ya kampani anakhala ku Zambia Compound, ku Shikoswe ndi m'makomboni ena. Tikamakamba mbiri ya Estates tisawasiye kunja amenewa, pakuti makina amodzimodziwo anali kuyendetsedwa ndi anthu a mbali zonse ziwiri.

Nchitoyo siinali yopepuka. Munthu wozolowera kuona nthawi pa dzuwa anaphunzira kuopa wochi. Makina ena sazimitsidwa usiku kapena pa Sondo, motero panali mashifiti a m'mawa, a masana ndi a usiku. Woomba nsalu anali kuima shifiti yonse pakati pa phokoso loti sungamve mnzako ali pambali pako, ndipo fumbi la thonje linali kukhala m'tsitsi ndi m'cifuwa. Ena mwa madala athu amene timawakalipira kuti samva bwino, makutu ao anawasiya pa makina. Koma panalinso ulemu. Munthu amene kumudzi analekera sukulu pa njira anakhala fitala, wowocherera zitsulo, kapitao wa anzake. Anaphunzitsa ana ake ndi a abale ake. Kumapeto kwa mwezi positi inali kudzaza ndi anthu otumiza ndalama kwao, ndipo malata ambiri amene anafolera nyumba za kumidzi ya kum'mawa ndi kumpoto anagulidwa ndi malipiro a kuno. Pa Ciweru anthu anali kukhamukira ku bwalo kukaonerera Nitrogen Stars.

Za amai tiyenera kukamba padera, cifukwa maina ao ambiri sanalembedwe m'buku la malipiro. Ena anagwira nchito m'mafakitale ndi m'maofesi. Koma ambiri anagwira nchito yosawerengedwa. Anaphika nsima pa maora osadziwika, anatontholetsa ana masana kuti atate a shifiti ya usiku agone, analima timadimba, anapikula nsomba ku Chanyanya, anakazinga vitumbuwa, analuka madoilo. Mai wa ku Katete anapezeka ali khomo ndi khomo ndi mai wa ku Senanga, osamvana cilankhulo, koma mmodzi akadwala winayo anali kusambitsa ana onse. Cinyanja cimene ana athu alankhula lero, cosakanizika ndi Citonga, Cibemba ndi Cizungu, cinabadwira pa mpopi ndi pa msika. Pa maliro cimbuya cinagwira nchito yake: Mbemba anaseka Mngoni, Mlozi anaseka Mtonga, anapakana ufa kumaso, koma omwewo ndiwo anakumba manda ndi kusonkha moto. Mau aja a pa cizindikiro ca dziko lathu, One Zambia One Nation, kuno anthu anawakhala asanayambe kuwaloweza.

Mmene mpingo unayambira

Pakati pa anthu otere ndi pamene mpingo uno unabadwira mu 1975. Mabanja ocepa amene anazolowera kupemphera kumidzi kwao anayamba kusonkhana m'nyumba ya mmodzi wa iwo. Malo atacepa anapempha kalasi pa sukulu. Panalibe mbusa wokhazikika. Akulu a mpingo ndiwo anali kulalikira, kuphunzitsa a kalasi ndi kuika maliro, ndipo mbusa anali kubwera mwa apo ndi apo kudzabatiza ndi kudyetsa Mgonero.

Mashifiti ndiwo anali kulamulira ndandanda ya mpingo. Pa Sondo lililonse ena anali pa nchito, ena anali atangoweruka, ndipo ena anali kukonzeka kukalowa. Mlaliki anali kusankhidwa poyang'ana kaye ndandanda ya ku fakitale. Mapemphero a pakati pa sabata anaikidwa kaamba ka iwo amene Sondo linawapeza pa makina. Ndipo makolo athu atiuza akuseka kuti panali pangano losalembedwa: munthu wocokera ku shifiti ya usiku akaodzera pa ulaliki, asadzutsidwe, pakuti kufika kwake kokha kunali nsembe. Acinyamata inu musatengerepo mwai, imeneyo inali ya a shifiti ya usiku okha.

Chalichi cino cimene tikhalamo cinamangidwa ndi manja omwewo. Amai anatunga madzi ndi kuumba njerwa. Amuna anabwera ndi maovolosi ao atangoweruka. Mafelemu a mawindo awa anawocherera ndi anthu amene anaphunzira nchitoyo ku fakitale. Waya wa magetsi anaika ndi akulu a mpingo amene masana anali amagetsi a kampani. Msungicuma anali kalaliki wozolowera kulemba katundu wolowa ndi wotuluka, ndiye cifukwa cake mabuku athu oyamba a zopereka ndi olongosoka kuposa ena a masiku ano. Yunifomu ya kwaya inasokedwa ndi nsalu yoombedwa konkuno, mwina ndi manja a oimbawo. Nyimbo zinali kuyamba m'Cinyanja, kupitirira m'Citonga, ndi kutha m'Cibemba, ndipo panalibe wodandaula.

Izi siziyenera kutidabwitsa, pakuti ndi mmene Mulungu anamangira Eklesia kuyambira pa ciyambi. Pa Macitidwe 16, munthu woyamba kuchulidwa kuti anakhulupirira ku Filipi anali Lidiya, mai wogulitsa nsalu wocokera ku Tiyatira, mlendo mu mzindawo, ndipo abale anali kusonkhana m'nyumba mwake. Pa Macitidwe 18, Akula wa ku Ponto ndi mkazi wake Priskila anafika ku Korinto atathamangitsidwa ku Roma, ali ndi luso lao losoka mahema, ndipo Paulo anagwira nao nchito yomweyo. Anthu oyenda kaamba ka nchito, ogona m'nyumba zosakhala zao, ndiwo amene Mulungu anayamba nao. Makolo athu ali pa mzere umenewo.

Zaka za mavuto

Caka comwe mpingo unayamba ndi caka cimene mtengo wa mkuwa unagwa pa msika wa dziko lonse, mtengo wa mafuta utakwera kale kuyambira mu 1973. Dziko linasowa ndalama zakunja, ndipo makina ogulidwa ku maiko akutali afuna zitsulo zosinthira zocokera komweko. Akuluakulu mukumbukira mizere ya ufa, sopo, shuga ndi saladi. Mukumbukira zipolowe za mtengo wa ufa ku Copperbelt mu Disembala 1986 ndi ku Lusaka mu Juni 1990, ndi makuponi a ufa amene tinali kusunga m'kati mwa Baibulo kuti asatayike.

Boma litasintha mu 1991, malonda anatsegulidwa, ndipo mu 1992 panakhazikitsidwa lamulo logulitsa makampani a boma. Nsalu zochipa zakunja ndi salaula zinasefukira m'misika. Tinene zoona: ife tomwe tinagula salaula, pakuti ndi imene thumba linali kukwanitsa, koma bele lililonse lotsegulidwa pa msika linali kucepetsa nchito ya woomba nsalu. Feteleza wakunja nayenso analowa. Fakitale ya nsalu inacepetsa anchito, ndipo inadzaima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ya feteleza inapulumuka, koma ndi anthu ocepa kuposa kale. Ndi mmene zinaliri m'matauni ambiri a dziko lino, ku Kabwe, ku Luanshya, ku Ndola, ku Livingstone. Anthu ambiri anadikira ndalama zao za kutha kwa nchito kwa zaka, ndipo ena anamwalira akali kudikira.

Pa zaka zomwezo matenda a Edzi analowa m'nyumba zathu. Panali masabata amene akulu a mpingo anali kucoka kumanda ndi kupita molunjika ku nyumba ina ya maliro. Agogo amene anayembekeza kupuma anayambanso kulera. Zopereka zinatsika kufikira poti mbale inali kubwerera ndi tindalama towerengeka. Komabe mpingo sunatseke. Amai a Cigwirizano anayenda ndi ufa wa m'mbale kukagawa kwa amasiye, anasambitsa odwala amene abale ao anawathawa, ndipo anayamba cilimba kuti wina apeze poyambira kantemba. Amuna amene anali akapitao a anthu ambiri anavula manyazi nayamba kulima, kuphwanya miyala, kupha nsomba ndi kugwira maganyu. Ambiri a inu amene lero muli aphunzitsi, anamwino ndi oyendetsa magalimoto, munaphunzira ndi ndalama ya tomato ndi nsomba zouma.

Pokumbukira tisabise zoipa. Panali malipiro amene anathera m'mabawa mwezi usanafike pakati. Panali akazi amene anasiyidwa kumudzi ndi ana, mwamuna atapeza wina kuno. Panali amasiye amene analandidwa katundu ndi abale a mwamuna maliro asanazizire. Baibulo silinabise chimo la Davide kapena kukana kwa Petro, ndipo ifenso tikabisa zathu, ana athu adzaganiza kuti cisomo ca Mulungu cinali ca anthu angwiro okha.

Cifukwa cake tinakhala

Makolo athu sanabwere kudzakhalitsa. Nyumba inali ya kampani: nchito ikatha, makiyi abwezedwa. Aliyense anali kunena kuti akapuma adzabwerera kwao. M'zaka zoyamba munthu akamwalira, anzake anali kusonkha ndalama kuti mtembo upite kumudzi, cifukwa kuikidwa kuno kunali ngati kutayika.

Zinthu ziwiri zinasintha maganizo amenewa. Coyamba ndi nyumba. Kuyambira mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makanselo, za boma ndi za makampani a boma kwa okhalamo, ndipo ambiri amene anataya nchito anatsala ndi denga. Caciwiri ndi manda. Pamene maliro anaculuka ndipo ndalama zonyamulira mtembo zinasowa, tinayamba kuika okondedwa athu konkuno. Mai amene anaika mwamuna ndi ana ake m'nthaka ino sanganenenso kuti ndi mlendo. Ana obadwira kuno, atate Mnsenga amai Mlozi, akafunsidwa kwao ayankha kuti ku Kafue, ndipo sanama.

Pa Yeremiya 29 mneneri analembera kalata anthu amene anatengedwa kupita ku Babulo, amene mitima yao inali pa kubwerera msanga. Anawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatitse ana ao, ndiponso afunire mzindawo zabwino ndi kuupempherera, cifukwa mtendere wao unali womangika ku mtendere wa mzindawo. Makolo athu sanabwere ngati akapolo, koma phunziro ndi lomwelo. Fakitale inawaitana kaamba ka manja ao, ndipo itatha nao inawasiya. Mulungu anali ndi colinga cimene sicinathe pamene makina anaima. Umboni wake ndi inu amene mwadzaza nyumba ino lero. Ana inu, akulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Wina akanyoza Kafue, muuzeni kuti tauni iyi inaveka Zambia ndi kudyetsa minda yake pa nthawi imene malire anali otseka.

Zimene tipempha mpingo

Bwalo la akulu a mpingo lagwirizana zinthu zitatu, ndipo tizipereka kwa inu lero.

Coyamba ndi ca acinyamata. Mafoni amene muli nao m'manja ajambula mau ndi zithunzi. M'dera lililonse la mpingo, pitani awiriawiri kwa agogo amene anaona zaka zoyamba. Musapite manja lendelende, ndipo musapite mothamanga. Afunseni mudzi wao ndi mfumu yao, amene anawaitana, kumene anagona usiku woyamba, nchito imene anagwira, malipiro ao oyamba ndi cimene anagula nao. Funsani amai paokha, pakuti pamaso pa amuna ao adzangoti zimene akamba atate ndi zomwezo. Funsaninso eni nthaka ndi anansi athu a mipingo ina, cifukwa mbiri iyi si yathu tokha.

Caciwiri ndi ca mabanja. M'masutukesi ndi pansi pa matiresi muli zitupa za nchito, mapepala a malipiro, makadi a yunyoni, makalata a kumudzi, zithunzi za maukwati ndi zidutswa za citenje ca kuno. Ciswe sicidziwa kuti pepala ili ndi la mtengo wapatali, ndipo pogawa zovala za womwalira mapepala otere ndiwo ayamba kuponyedwa pa moto. Bweretsani kwa mlembi wa mpingo. Tidzajambula ndi kukubwezerani tsiku lomwelo. Zonse zidzasonkhanitsidwa m'buku la cikumbutso, limene lidzakhala ndi dzina la aliyense amene anayamba mpingo uno pamodzi ndi mudzi umene anacokera, ndipo cikondwerero ca caka ca mawa cisanafike tifuna bukulo likhale pa gome ili.

Cacitatu ndi ca ife tonse, ndipo ndico cacikulu. Anthu akali kubwera ku Kafue. Ena abwera kaamba ka fakitale ya zitsulo, ena agwira nchito ku Lusaka koma apeza nyumba kuno, ena athawa cilala kumudzi, ena ndi a maiko ena. Acita lendi m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba zathu. Akalowa m'chalichi muno akhala pa benchi ya kumbuyo, ndipo nthawi zina atuluka popanda wowafunsa dzina. Pakati pathu payamba kumveka mau akuti "ife eni mpingo" ndi "aja obwera". Pa nthawi ya masankho, a dziko kapena a mu mpingo, ena ayamba kufunsa mtundu wa munthu asanaone nchito zake. Abale ndi alongo, wobwera ndani pano? Mulungu anakumbutsa Aisrayeli kawirikawiri kuti akonde mlendo cifukwa iwonso anali alendo ku Aigupto. Atate anu anagona pa mphasa ya munthu wina, ndipo amai anu anabwereka mcere kwa mai wa mtundu wina. Ngongole imeneyo tingaibweze kwa mlendo wa lero yekha, pakuti amene anatikongoza ambiri anagona kale. Sondo la mawa, mkulu wa mpingo aliyense adziwe dzina ndi nyumba ya munthu mmodzi watsopano m'dera lake, ndipo amai a Cigwirizano acite cimodzimodzi.

Tsopano tipempha onse amene anagwirapo nchito m'mafakitale a tauni ino, ndi amai onse amene anaphikira a shifiti, ndi amasiye a iwo amene anatsogola, kuti aimirire pamene ali. Amene miyendo yakana, akweze dzanja. Ana inu tembenukani muwaone bwino, ndipo tikatuluka muno pitani mukawapatse moni ndi manja awiri.

Mulungu amene anatsogolera makolo athu kucokera ku midzi yao, nawasunga pa nthawi ya zambiri ndi pa nthawi ya kusowa, asunge mpingo uno ndi tauni ino, kufikira zidzukulu zathu zidzasonkhane pano kuwerenga zaka 100. Ambuye akudalitseni nonse. Amen.